Mfuti imodzi, manja awiri: ndayesa kalozedwe pa PSP, DS, Vita ndi Switch kuno ku Zomba

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Kabenchi kanga kali pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo amene amadutsa pamenepo masana magetsi atazima amandipeza nditawerama, nkhope itakwinyika ngati ndikuwotcherera waya wa tchaja. Ambiri amayesa ndili pa ntchito. Ayi ndithu, ndimakhala ndikuwombera. M'dirowa yam'munsi, momwe anzanga amasungamo mabatire akufa, ine ndimasungamo zipangizo zam'manja zosewerera magemu: PSP, Nintendo DS Lite ndi PS Vita. Switch ndi ya alamu anga a ku Matawale, koma imagona kwathu masiku ambiri kuposa kwawo, ndipo nkhani imeneyo tisaiyambe.

PSP anandibweretsera ndi achimwene anga pochokera ku Joni, kale ndithu, ndisanakwatire. DS ndinaitola pa kaunjika, m'mulu wa zidole, pakati pa timagalimoto topanda matayala. Mayi wogulitsayo ankayesa ndi kagalasi kodzolera. Vita ndinagula kwa mnyamata wina wa ku Chanco amene anali atamaliza maphunziro ndipo ankasowa thiransipoti yobwerera kwawo kumpoto. Zonsezi ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ambirife kuno ndi momwe tingazipezere.

Wandilembetsa zimenezi ndi mwana wa achemwali anga. Ali Fomu 3, amakhala ku Chinamwali, ndipo pa Call of Duty: Mobile ndi chilombo. Loweruka lina anabwera kudzasinthitsa galasi la foni yake, ndiye podikira ndinamupatsa PSP kuti atayitse nthawi. Munali Medal of Honor: Heroes, gemu ya 2006. Sanathe nayo mphindi zisanu. Anaiika pa benchi mwaulemu, ngati mlendo wobweza mbale ya ndiwo zopanda mchere, n'kunena kuti, "Amalume, zimenezi mumasewera bwanji? Mfutiyi ikuyenda ngati yamwa." Ndinamuyankha kuti ana a masiku ano munazolowera zofewa. Koma usiku ndili gone ndinavomera ndekha kuti mwanayo sananame. Choncho dzinja lathali ndinadzipatsa ntchito yoyesa chipangizo chilichonse m'malo atatu omwe ine ndimaseweradi: pa benchi, pa bedi, ndi m'minibasi popita ku Limbe komwe ndimakapikula masikirini ndi mabatire.

Magemu amenewa, omwe osewera amangowatchula kuti FPS, ndi aja oti dziko umaliona ndi maso a msilikaliyo, mfuti itasuzumira pansi pa sikirini. Manja amakhala ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuyendetsa miyendo ndi kutembenuza khosi. Pa kompyuta mlandu umenewu unatha kalekale: lamanzere pa kiyibodi, lamanja pa mausi, katundu yense ali pa tebulo. Pa chipangizo cham'manja pamabwera ntchito yachitatu imene anthu saiwerengera, yonyamula chipangizocho. Manja awiri omwewo ayende, aloze, awombere, anyamulenso sikirini osaigwedeza. Kampani iliyonse inagawa ntchito zimenezi m'njira yakeyake.

Ndiyambe ndafotokoza kanthu kena, kuti tisasocheretsane kutsogoloku. Analogi, kamtengo kaja timakankha ndi chala chachikulu, siuza gemu malo omwe mukufuna kuloza. Imauza gemu liwiro. Mukakankha pang'ono khosi limatembenuka pang'onopang'ono, mukakankhitsa limathamanga, ndipo limapitirirabe mpaka musiye. Zili ngati kudzaza botolo pa mpopi: mwatsegula, madzi akubwera, ndiye mutseke pa nthawi yake, mukachedwa pang'ono asefukira. Mausi imachita zina. Mukaisuntha kamtunda kakuti, mfuti imasuntha molingana n'kuima pomwepo. Kumeneko ndi kuthira ndi kapu, dzanja likaima madzi aima. Njira zonse zomwe ndikambe pano, zina ndi mpopi, zina ndi kapu.

PSP inatuluka ku Japan mu Disembala 2004, n'kufika kumaiko ena mu 2005, ili ndi analogi imodzi yokha, kumanzere, yaphwatalala ngati batani la jekete, yotsetsereka m'malo mopendama. Paja akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Opanga magemu ankafuna analogi yachiwiri, ndiye poti panalibe, anabwereka mabatani anayi akumanja aja: triangle ndi X kuyang'ana kumwamba ndi pansi, square ndi circle kucheukira kumanzere ndi kumanja. Coded Arms ya Konami ya 2005 inayenda njira imeneyi, Medal of Honor: Heroes chimodzimodzi, Call of Duty: Roads to Victory ya 2007 nayonso. Tsono batani limadziwa mawu awiri okha, eya ndi ayi. Ndi mpopi woti ukangoukhudza umatulutsa madzi. Mdani akakhala patali, mutu wake uli ngati njere ya mpiru, umayamba kugogoda circle pang'onopang'ono ngati nkhuku yojompha chimanga, wapitirira, wagogoda square, wapitiriranso. Ukafuna kuloza chakumwamba cha kumanja, chala chimodzi chidinde mabatani awiri nthawi imodzi. Ndiye poti mabatani akumanja atengedwa, ntchito zina monga kuika zipolopolo, kunjuta ndi kusintha mfuti zinasamukira pa D-pad (mabatani anayi aja a mmwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja), imene ili mbali yomweyo ya analogi. Chala choyendera chija chichoke kaye. Msilikali wako amaima chilili pakati pa nkhondo kuti aike zipolopolo.

Opangawo ankadziwa vutoli, n'chifukwa chake anaikamo chithandizo: ukayandikitsa kamtanda kolozera kwa mdani, gemu imakakokera yokha pa iye. Umapambana ndithu, koma ngati mwana wophunzira njinga amene wina akumugwirira kaliyala kumbuyo. Ena anazemba nkhondo yonseyi. Killzone pa PlayStation 2 inali FPS, koma itabwera pa PSP mu 2006 ndi dzina la Killzone: Liberation, kamera anaikweza m'mwamba kuti uziona msilikali wako ngati uli pa denga, ndipo inakoma kwambiri chifukwa cha chimenecho. Ndimakumbukiranso Doom pa Game Boy Advance ya mnzanga wa ku sekondale. Inatuluka mu 2001, ndipo inkaseweredwa bwinobwino ndi D-pad, mabatani apamwamba a L ndi R akuyendetsa cham'mbali, chifukwa mu Doom yakaleyo mulibe zoyang'ana kumwamba kapena pansi. Mavuto a PSP anabwera chifukwa magemu ake ankafuna khosi lathunthu.

Ubwino umodzi ndiupereke. M'minibasi PSP simasintha khalidwe. Mmene imavutira pa benchi ndi mmene imavutira pa Namadzi. Koma ngati mukuigula, igulireni mpira ndi mipikisano ya magalimoto, kumeneko ndi kwawo.

DS ndinkaipeputsa. Ilibe analogi ngakhale imodzi, ndipo sikirini iliyonse mwa ziwirizo ndi ya madontho 256 kwa 192, oti ungawawerenge ndi maso, pamene PSP ili ndi 480 kwa 272. Ndinkati ndi ya ana a mkaka. Tsiku lomwe ndinaikamo Metroid Prime Hunters ya 2006 ndinakhala chete kwa kanthawi. Kagwiridwe kake n'kotere: chala chachikulu chamanzere chili pa D-pad kuyendetsa miyendo, chamkombaphala chamanzere chili pa L kuwombera, dzanja lamanja lagwira kapensulo kopanda inki kaja amati stylus, likukwekwesa sikirini yam'munsi. Nkhondo ikuchitika pa sikirini yapamwamba, ndiye dzanja silikuphimba chilichonse. M'munsimo mwangokhala mapu ndi zizindikiro za zida. Kapensuloko ndi kapu yeniyeni. Mdani akatulukira pakona, dzanja limangopita lokha, kamtanda kali pamphumi pake, pha! Palibe wokugwirira kaliyala. Kunena zoona, pa zipangizo zonse za m'dirowa mwanga, palibe choloza mwaluso kuposa kanthu aka ndinakatola pakati pa zidole. Kudumpha kokha ndi komwe kunandisokoneza poyamba, chifukwa umagogoda kapensulo kawiri pa sikirini, ndiye ukamanyamula dzanja kuti ubwerere pakati umapezeka wadumpha usakufuna, nthawi zina kudumphira kuphompho.

Yanga inabwera yopanda kapensulo, monga zimakhalira za pa kaunjika. Mwayi wake, sikirini ya DS ndi ya mtundu wakale umene umamva kudinikiza, osati khungu la chala ngati mafoni a lero, choncho chilichonse chosongoka chimagwira. Ndinayamba ndi chotsekera bolopeni. Ndinayesa chotokosera m'mano, chinathyoka nkhondo ili mkati. Mapeto ake ndinasema kansungwi, n'kukasalaza nsonga ndi sandipepala, ndipo ndinakasiya konenepa ngati pensulo ya kusukulu. Kamenekako kamagwirika bwino kuposa kapensulo kakampani komwe ndinadzakagwira kwa mnzanga wina, kowonda ngati udzu wofolera. Pa sikirini yam'munsi ndinamatapo pulasitiki yotetezera foni, nditaidula ndi lezala, chifukwa gemu imeneyi imakwekwesa malo amodzimodzi mpaka kalekale. DS yoyambirira ya 2004 ija inkabwera ndi kachingwe kapamkono kokhala ndi kapulasitiki kovala ku chala chachikulu, kuti munthu aziloza ndi chala atagwira chipangizo ndi manja onse. Opangawo anali ataliona kale vuto lomwe ndikufuna kunenali.

Vutolo ndi dzanja lamanzere. DS Lite imalemera magalamu 218, zomwe sizimveka zambiri, koma magalamu onsewo ali pa dzanja limodzi, lomwenso likuyenda ndi kuwombera. Kachala kakumapeto ndi komwe kamasenza. Pakatha theka la ola dzanja limachita dzanzi kuyambira kuzala mpaka pamfundo, ndipo tsiku lina nditasewera ola lathunthu ndinalephera kugwira bwino sikuludiraiva, kasitomala akundiyang'ana. Pa benchi ndinapeza nzeru yotsamiritsa kona yakumanja ya DS pa thabwa, kapena pa ntchafu. Pa bedi, chagada n'zosatheka, chafufumimba zimatheka mpaka khosi litadandaula. M'minibasi ndiye ayi. Kapensulo kamafuna chigongono chikhale ndi malo, ndipo inu mukudziwa mmene timakhalira m'mizere ija. Pa mahampu a pa Thondwe ndinawombera denga, pansi, ndi khoma, mdani ali phee kundiyang'ana. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikulemba mayeso.

Gemu yomweyi ili ndi njira ina yolozera ndi mabatani, ngati ya pa PSP ija, ya amene dzanja lawatopera. Ilinso ndi njira ya amanzere: A, B, X ndi Y amasanduka miyendo, R amawombera, kapensulo kali kumanzere. Mwana wa achemwali anga uja ndi wamanzere, ndipo moyo wake wonse wakhala akusewera magemu opangidwira amanja. Nditamusinthira anangoti, "Aaa, amalume," osawonjezera. Pa intaneti ya Nintendo simungaisewerenso chifukwa kampaniyo inatseka ntchito imeneyo ya DS mu Meyi 2014, koma anthu anayi okhala pamodzi angathe kumenyana ndi katiriji imodzi yokha, aliyense ali ndi DS yake.

Za 3DS, yotsatira DS, ndingodutsa. Inabwera mu 2011 ili ndi analogi imodzi, kenako anagulitsa padera chovekera chotchedwa Circle Pad Pro chowonjezera yachiwiri, chomwe chimafuna batire lakelake la AAA. New 3DS inadzabwera ndi kanjere kolimba kumanja kotchedwa C-stick, kofanana ndi kaja kamakhala pakati pa kiyibodi ya malaputopu ena. N'kothandiza kutembenuza kamera, koma polozera mutu wa mdani n'kosadalirika.

Vita ndiyo inabweretsa chomwe anthu a PSP ankalirira zaka zonse zija. Inatuluka ku Japan mu Disembala 2011, kwina konse mu Febuluwale 2012, ili ndi ma analogi awiri enieni, opendama. Ndi Killzone: Mercenary ya 2013, pa sikirini ya mainchesi asanu ya madontho 960 kwa 544, munthu wozolowera padi ya PlayStation pa tivi amangotenga n'kuyamba, osafunsa. Kumanzere miyendo, kumanja khosi, L kuyang'anitsitsa, R kuwombera, katundu wagawidwa mofanana m'manja onse. Yanga ndi yopyapyala ija ya magalamu 219, ndipo ndimatha nayo ulendo wonse wa ku Limbe popanda dzanzi.

Koma ikadali mpopi, ndipo mpopi wake ndi wa chogwirira chachifupi. Timitengo ta Vita n'tatifupi kwambiri poyerekeza ndi ta padi ya PS3 kapena PS4. Pakatikati pa analogi iliyonse opanga gemu amasiya kamalo koti ngakhale usunthe, gemu isamve, kuopa kuti mfuti ingamayende yokha. Osewera amati deadzone. Pa kamtengo kakatali, ukachotsa kamalo kameneko pamatsalabe mtunda wokwanira pakati pa kuima ndi kuthamanga. Pa kakafupi, pamatsala kamtunda kochepa zedi, ndiye chala chikangolakwitsa pang'ono wachoka pa zii kufika pa liwiro lonse. Ine ndinatsitsa sensitivity (liwiro lomwe mfuti imamvera chala) mpaka kuloza kunayamba kumvera, koma pamenepo kutembenuka kunachedwa, ndipo wokubwerera kumbuyo amakupeza usanacheuke. Bulangete lalifupi, ukafunda kumutu miyendo ili pamtunda.

Chachiwiri, Vita ilibe L2 ndi R2, mabatani achiwiri apamwamba aja a pa padi, ndipo ma analogi ake sadinikizika ngati mabatani. Ntchito zomwe zimakhala pamenepo zinasamukira pa sikirini ndi pa kagalasi komva zala kali kumsana kwa chipangizocho. Mu Killzone anazikonza mwanzeru. Ukayandikira mdani kuti umubaye ndi mpeni, pa sikirini pamabwera muvi, iwe n'kukoka chala motsatira muviwo, ndipo zimakoma chifukwa nthawi imeneyo sukuloza kanthu. Kumsanako ndi kumene kumafuna mwambo. Zala zanga zazikuluzikuluzi zimapuma pomwepo mwachibadwa, ndipo mu Borderlands 2, imene inafika pa Vita mu 2014 itasamutsira ntchito zina kumsanako, ndinkapezeka ndachita zomwe sindinatume. Ndinaphunzira kupinda zala kuti zikhale m'timaenje tiwiri tam'mbali tija. Kenako ndinapeza chogwirira chapulasitiki chovekera, chopangitsa Vita kuoneka ngati padi, ndipo nkhani inatha, kungoti sikwananso m'thumba la thalauza.

Tsopano gyro, imene yandisintha maganizo pa ukalamba uno. M'kati mwa chipangizo mumakhala kachitsulo kakang'ono koyeza kupotoloka kwake. Ukapendeketsa chipangizo chonse pang'ono, mfuti imasuntha molingana, ukaima imaima. Ndi kapu, koma yogwira ndi manja onse awiri. Switch inatuluka mu Malichi 2017, Doom yatsopano ija inafikapo mu Novembala chaka chomwecho kudzera ku kampani ya Panic Button, ndipo mu Febuluwale 2018 anawonjezeramo kuloza ndi gyro. Alamu anga anali asanakuyatsepo chigulireni. Ine nditakuyatsa, madzulo oyamba ndinachita chizungulire, ndinazimitsa, ndinanena kuti ndi zachibwana. Ndinkalakwitsa poyesa kuchita zonse ndi gyro, kutembenuza thupi lonse pa mpando ngati ndikuthamangitsa udzudzu, mayi a kunyumba akundiseka.

Madzulo achitatu ndi pamene ndinazindikira. Analogi yakumanja ndi yotembenukira kwakukulu, yongokufikitsa chakumene kuli mdani. Kamtunda kotsalako, kaja kamandivuta pa Vita, kaja ndinkajompha ndi mabatani pa PSP, umakamaliza ndi manja, kupendeketsa pang'ono chabe, zigongono zitatsamira pa nthiti kapena pa maondo. Ndinakulira cha ku Domasi, ndipo tili anyamata tinkasaka mbalame ndi legeni. Palibe amene ankaloza legeni ndi chala. Unkayamba watembenuka thupi, kenako manja onse awiri n'kukonza pang'onopang'ono, mpweya utaugwira. Thupi langa linali likudziwa kale zimenezi, linangoiwala. Kuyambira tsiku limenelo sensitivity ya analogi ndinaikweza kuti ndizicheuka msanga, ya gyro ndinaisiya yotsika. Bulangete lija linakwana. Ziwanda za mu Doom zimadumphadumpha, sizidikira munthu, ndipo ndinayamba kuzilasa zili m'malere, chinthu chomwe ndi analogi yokha sindinkachitha pa sikirini yaing'ono. Mabatani a ZL ndi ZR nawonso ndi ongodina kamodzi, opanda ulendo wautali, zomwe zimathandiza powombera.

Nditabwerera ku Vita ndinapeza kuti Killzone: Mercenary nayo ili ndi kuloza kopendeketsa m'masetingi. Zaka zonsezi ndinali nako m'dirowa. Ndinadzimvera chisoni.

Amafunsa ena kuti, nanga poti ukapendeketsa chipangizo sikirini nayo ikupendama, uona bwanji? Ukamachita bwino kupendamako n'kochepa kwambiri, maso sakuzindikira n'komwe. Zovuta zenizeni zili kwina. Switch ndi timapadi take ta Joy-Con imalemera magalamu 398, ndipo chagada pa bedi, manja ali m'mwamba, umatopa msanga, komanso kumanzere ndi kumanja kumayamba kusokonekera chifukwa chipangizo chagona mosiyana ndi mmene gemu ikuyembekezera. Ukhale tsonga, pilo kumsana. M'minibasi ndiye muli nthabwala. Gyro imayeza kupotoloka basi, sidziwa ngati wapotoloka ndi iwe kapena galimoto. Dalaivala akakhota, mfuti yako nayo ikukhota. Pa makona a pakati pa Namadzi ndi Njuli ndinkangoona kamtanda kakuyenda kokha ngati kalodzedwa, manja anga ali chete. Pokwera ku Ku Chawe, pa msewu wokhotakhota uja, musayese n'komwe. Pa ulendo izimitseni, mubwerere ku mpopi.

Amene ali ndi Switch ndipo akufuna kumva kusiyanaku ndi manja ake, Metroid Prime Remastered ya 2023 ndi malo abwino oyesera. Mu gemu imodzi yomweyo muli kagwiridwe kakale ka pa GameCube kodalira kukola mdani ndi batani, muli ka ma analogi awiri, mulinso kogwiritsa ntchito gyro. Chipinda chimodzimodzi, adani omwewo, kungosintha m'masetingi.

Steam Deck ndinakhala nayo Loweruka ndi Lamulungu limodzi lokha. Bwana wina wogwira ntchito ku bungwe lina kuno anaibweretsa kuti ndiipukute fumbi m'mabowo opumira, n'kundiuza kuti ndikhoza kuiyesa. Ndi ya kampani ya Valve, inatuluka mu Febuluwale 2022, ndipo imalemera magalamu 669, kuposa theka la paketi ya shuga. Ili ndi zonse: ma analogi aakulu bwino, timabwalo tiwiri tokwekwesa ndi chala ngati mausi ya laputopu, gyro, ndi mabatani anayi kumsana oti ungadumphe kapena kuika zipolopolo chala chachikulu chisanachoke polozera. Chomwe chinandigometsa n'chakuti mitu ya ma analogi ake imamva kukhudza. Ungathe kukonza kuti gyro izigwira ntchito pokhapokha chala chili pa analogi yakumanja. Ukachotsa chala, gyro yagona, ukhoza kukhala bwino pa mpando, kubweza manja pakati, mfuti osasuntha. N'chimodzimodzi kunyamula mausi pa tebulo. Pa kuloza, iyi ndiyo mfumu. Kungoti theka la Loweruka lija linathera m'masetingi, kusintha ichi, kuyesa, kubwerera, ndipo pa magemu olemera batire limatha m'maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Kwa ife amene timasewera chifukwa magetsi azima, imeneyo si nkhani yaing'ono. Lolemba m'mawa ndinaibweza ndi manja awiri.

Ndisanamizire ngati Zomba yadzaza ndi zipangizo zimenezi. Anyamata a ku Chikanda, ku Mpondabwino ndi ku Sadzi nkhondo zawo amamenyera pa foni, PUBG Mobile, Free Fire ndi Call of Duty: Mobile ija inatuluka mu Okutobala 2019. Ndinakhala pansi kumuyang'anitsitsa mwana wa achemwali anga akusewera. Amagwiritsa ntchito zala zinayi, zazikulu ziwiri m'munsi, zamkombaphala ziwiri zitapindikira pamwamba ngati nkhanu, mabatani onse atawasuntha kuwaika pomwe iye akufuna. Chala cholozera chimakwekwesa galasi, ndipo mfuti imasuntha molingana ndi kukwekwesako. Ndi kapu. Ndi mdzukulu wa kapensulo ka DS, iye osadziwa, ndipo n'chifukwa chake PSP inamunyansa koma DS anaimva nthawi yomweyo. Kuipa kwa foni n'kwakuti zala zimaphimba nkhondo yomwe ukumenyayo, palibe batani loti chala chilimve, ndipo mu Okutobala kukatentha thukuta limapangitsa chala kukakamira pa galasi. Ena amavala timasokosi ta zala.

Pa ntchito yangayi ndimalandira anyamata obwera ndi foni kuti, "Achimwene, gyro yanga sikugwira, tandikonzereni." Ndikayang'ana ndimapeza kuti foniyo inabadwa yopanda gyro. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe kachitsulo kameneka, ndipo palibe sikuludiraiva imene ingakaikemo. Musanagule foni ya magemu, fufuzani chimenecho pa mndandanda wa zomwe ili nazo, musangoyang'ana kukula kwa kamera.

Mutandifunsa lero kuti ndisankhe, kunyumba, nditakhala tsonga pa mpando, ndi analogi yophatikiza ndi gyro, ndipo sindibwereranso. Amene munayesa kamodzi n'kuzimitsa, ipatseni madzulo atatu, muyambe ndi sensitivity yotsika, zigongono zitsamire. Pa ulendo ndi pa bedi ndimanyamula Vita, gyro itazimitsidwa, chifukwa simasamala kuti wakhala bwanji. DS ndimaitulutsa ndikafuna kudzikumbutsa kuti dzanja langa likadali ndi luso, mphindi makumi awiri basi, kenako ndiyambe ntchito za eni ake. PSP ndinachotsamo Medal of Honor, muli mpira tsopano.

Pakadali pano DS ili ku Chinamwali. Mwana uja anaibwereka sabata ziwiri zapitazo pamodzi ndi kansungwi kanga, ndipo dzana anatumiza uthenga kuti ndimusemere kena kotalikirapo chifukwa aka kakumuterereka. Alamu anga nawo aimba kawiri. Akuti Switch ifike ku Matawale Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, itatchajidwa, ndipo masetingi ndiwabwezere mmene ndinawapezera.